Lekani kukamba ati boma ili ndi gonthi, ogontha ndife ndipo timayankha

  Ndapempha malo pa peji ya chipani chathu kuti nditulutse nkhani imene yandikhala pakhosi masabata atatu manje. Ndi yaitali, ndakuuzilanitu. Amene muli ndi makasitoma pa sitandi isungeni, muzawelenga mukakomboka.

Tinali pa msonkhano wa chipani mu wadi yathu. Mnyamata wina wodziwa kukamba anaimilila kutsogolo, manja m'mwamba, thukuta lili chuchuchu. Ine ndinali kuona chabe pakamwa pakutseguka ndi kutseka. Mwadzidzidzi gulu lonse linafa nazo nseko, ena kuomba m'manja, amai ena mpaka kuimilila. Ndinakoka mwana wanga wamkazi pa chitenge ndi kumufunsa ndi manja ati wakamba chani uja? Mwana anayang'ana pansi. Ndinamukokanso. Ndiye anandimasulila monyinyilika: akuti boma ili ndi gonthi, olo ukuwe bwanji silimva.

Ine sindinaseke. Ndine wogontha, ndipo liu limeneli sindichita nalo manyazi. Ndinabadwa ndikumva bwinobwino kumudzi kwathu ku Katete. Ndili ndi zaka 11 ndinadwala matenda oumitsa khosi, ndinagona m'chipatala masiku amene sindikumbuka, ndipo pouka ndinaona amai atsegula pakamwa koma palibe chotuluka. Ndinaganiza kuti amai ndiwo adwala. Chinyanja ndinachiyamwa kale ndisanagonthe, ndiye chifukwa chake ndikwanitsa kukulembelani so. Anzanga ambili amene anabadwa osamva sangalembe mwa njila iyi, chifukwa Chinyanja sanachimvepo olo kamodzi. Chitundu chawo ndi cha manja, ndipo ku sukulu anawaphunzitsa kulemba Chingelezi. Ine ndakhalako mbali zonse ziwili, ya akumva ndi ya ogontha, ndiye ndilekeni ndikambe.

Manje mvetsetsani bwino, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Munthu wogontha mukamugwila paphewa amatembenuka. Amakuyang'anani kumaso kupambana amuna anu amene mwakhala nawo zaka 20. Tsiku lonse amagwila nchito yofuna kudziwa zimene mukamba, mpaka mutu kuwawa. Nanga boma? Boma lili ndi makutu awili abwinobwino. Pamene munalila mtengo wa unga linamva. Pamene munalila malaiti linamva. Pamene munalila kuti denga la msika lidontha koma levy mulipila tsiku ndi tsiku, linamva. Linasankha chabe kusayankha. Kumeneko sikugontha iyai, ndi mwano. Mukalicha gonthi mulipatsa pothawila pamene lilibe, ndipo chitonzo chonse chigwela ife. Kale Chinyanja chathu chomwe chinatilakwila: mwana wopulupudza timati ndi wosamva, mwana amene makutu anafa timatinso wosamva. Ana angati anadya chikoti makolo asanadziwe kuti sikunali kudelela, mwana sanali kumva zoona?

Ndiyambe ndi chimene sichivuta, kuti musandimvele chifundo pachabe. Malonda savuta. Ndigulitsa nyemba za kabulangeti ndi solwezi, nshawa, ndi kapenta wa ku Siavonga ndi wa ku Mpulungu. Mitengo ndinalemba pa katoni. Kasitoma aloza meda, ine ndionetsa zala, akafuna kutsitsa alemba pa foni, ine ndipukusa mutu, tiseka, tigwilizana. Mbasela ilibe chitundu: dzanja limodzi la nshawa pamwamba, munthu aliyense amamva. Chenji sindilakwitsa, ndipo amene anayesa kundibela poganiza kuti wosamva ndi wosawelenga anapita ndi manyazi. Ndalama ilibe vuto ndi ogontha. Levy nayo satiiwala. Wodula lisiti sanandilumphepo olo tsiku limodzi ati uyu samvela, musiyeni.

Chovuta ndi moyo uja wa pakati pa malonda. Msika si nyemba chabe. Msika ndi nkhani: wafika ndi motoka ya tomato ndani, mtengo wa maoda wakwela bwanji lelo, ndani wamwalila, ndani akwatitsa, ba council abwela liti. Zonse izi zimayenda ndi pakamwa, zipita pa ine ngati mphepo. Amai anayi a pa laini yathu akaunjikana kuseka, ndifunsa, ni chani? Yankho ndi limodzi zaka zonse izi: "Tizakuuza." Olo: "Palibe, ni vachabechabe." Tizakuuza uja safika. Tsiku lina a chilimba chathu anakhala pansi, anakweza choponya kuchoka pa K50 kufika pa K100, anasinthanso mndandanda wa olandila. Ine ndinalipo, pa benchi yomweyo, ndipo ndinagwedeza mutu pamene onse anagwedeza. Ndinadziwa zimene ndinavomela pamene wotolela anakana K50 yanga, ndipo sabata imene ndinali kuyembekeza kulandila kuti ndikaode nyemba inapezeka kuti ndi ya wina. Nyemba zija ndinaodela ndalama ya kaloba. Palibe amene anandida pa gulu lija. Anangoiwala kuti ndiliko.

Kugwedeza mutu kumeneko ndiyo nchito imene ogontha tonse tinaiphunzila popanda mphunzitsi. Umamwetulila pamene ena amwetulila, umachita nkhope yachisoni pamene ena achita, kuti usaoneke wonyada kapena wopusa. Pa kitchen party umakhala maola asanu, wavala chitenge cha gulu chimene unalipila, ng'oma uimva m'chifuwa chabe, alangizi akamba ndi kukamba, ndipo ubwelela kunyumba osatola olo chimodzi. Pa malilo ndiye poipa. Usiku m'nyumba ya malilo muli kandulo imodzi pakona, azimai agona pa mphasa, nyimbo, kulila, nkhani za mwamene malemu anadwalila. Ine mumdima ndilibe khutu, ndilibe diso. Pa malilo a amalume anga enieni ndinadziwa kuti lelo ndi loika pamene ndinaona anthu akwela motoka. Ukaleka kupita, ati ni wozimva, sabwela ku malilo ya banzake, tizaona akazafedwa. Ukapita, uli wekha pakati pa anthu odzala nyumba.

Ena mumati, koma imwe mumabelenga milomo ka? Yesani lelo. Imani pa galasi mukambe "phala", "bala", "mbala" popanda liu. Pamilomo ndi chinthu chimodzi. Phala la mwana, bala la pamwendo ndi mbala ya mumsika, kwa ine zisiyana chabe ngati ndidziwa kale nkhani imene tikamba. Kuwelenga milomo ndi kungoganizila. Munthu akatembenuka, akatafuna chimanga, akakhala ndi ndevu, akasakaniza Chibemba ndi Chingelezi mwamene tichitila mu Lusaka, zatha. Mu 2020 pamene onse anavala mamasiki a Covid, kwa ife dziko lonse linatseka pakamwa tsiku limodzi. Ndipo kukuwa sikuthandiza mwandi. Pakamwa pokuwa pamapindika, ndiye msika wonse wamva nkhani yanga kupatula ine.

Liu lija lakuti mbala sindinalisankhe mwangozi. Miyezi iwili yapitayi mnyamata wina wogontha amene amakankha wilibala pa msika wathu anali kutuluka ndi thumba la kasitoma amene anamutuma. Wina kumbuyo, poona thumba lofanana ndi lake, anakuwa ati imilila. Mnyamata sanaimilile. Anakuwanso. Sanaimilile. Mudziwa nonse chimene chimatsatila: "Kawalala! Kawalala!" Ndinaona anthu athamangila mbali imodzi, ndinawatsatila. Ndinamupeza ali pansi, magazi pakamwa, manja ake ayesa kukamba, anthu ati onani, afuna kumenya. Dzanja lililonse limene anakweza kuti afotokoze anali kuliponda. Ndinagona pamwamba pake ndi kukuwa ndi liu langa ili limene ine mwini sindilimva: samvela, samvela! Anapulumuka chifukwa mwini thumba anafika. Kumene tinapita kukadandaula kunalibe womasulila. Ine wogontha ndinamasulila wogontha mnzanga, ndikusaka milomo ya bwana amene anali kulemba atayang'ana pansi. Ganizani sitetimenti imene inatuluka mmenemo. Amene anamumenya, ena ndinu amene muwelenga izi. Sindikuchani maina. Mumagula nshawa kwa ine.

Ndipo boma likafuna kukamba ndi ife a m'misika limakamba bwanji? Megafoni. Motoka ipita mumseu ndi zokuzila mau pamwamba. Kumayambililo kwa 2018, kolela itavuta mu Lusaka, asilikali analowa m'tauni, ogulitsa m'miseu anachotsedwa, misika inatsekedwa kuti itsukidwe. Inu munamva pa wailesi madzulo. Ine ndinadziwa m'mawa nditafika ndi katundu pamutu. Mu 2024 kolela inavutanso mpaka National Heroes Stadium inasanduka chipatala. Uthenga wa moyo ndi imfa, wilitsani madzi, ikani chlorine, thamangilani ku kiliniki mukayamba kutsegula m'mimba, unayenda kwambili ndi megafoni ndi wailesi. City Market inapsa pa 4 July 2017 m'mamawa anthu asanadzale. Ine kufikila lelo ndimadzifunsa: moto ukabuka masana, chenjezo lathu ndi chani? Ndi kuona misana ya anthu othawa. Nambala ya polisi ndi 991, ya ozima moto ndi 993. Uyenela kutuma foni ndi kukamba.

Ku kiliniki ndipita ndi mwana wanga uja, wa zaka 13. Maina amaitana ndi pakamwa, ndiye ukapita wekha ukhala pa benchi mpaka onse atha, kenaka akufunsa ati munali kuti pamene tinaitana. Choncho tsiku limenelo mwana sapita ku sukulu. Amai anzanga, ganizani: zimene mumauza ba sista mutatseka chitseko, za kumwezi, za kulela, za matenda amene amuna abweletsa m'nyumba, ine ndiyenela kuzipitsa m'kamwa mwa mwana wanga wobala ndekha. Mwambo wathu womwe ukana. Pali zimene sindinauze dokotala chifukwa mwana anali pamenepo, ndipo ndinabwelela nazo kunyumba. Mnzanga wina anapimidwa magazi, ndipo woyamba kudziwa zotsatila anali mlamu wake amene anamupelekeza. Chinsinsi cha wodwala chija chimene analemba pa khoma, kwa ife chilibe nchito.

Za malaiti inu mumalila filiji, saluni ndi nkhuku zoola. Ife timalila chitundu. Chinenelo cha manja chimafuna kuwala. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, anafika polengeza maola 17 opanda malaiti pa tsiku, ndipo m'makomboni ambili anali kupitilila. M'nyumba mwanga dzuwa likalowa nkhani zatha. Inu mumdima mukamba ndi ana anu, museka, mupemphela pamodzi. Ine ndi amuna anga, amenenso ndi ogontha, timasinthana tochi ya foni, wina aunika, wina akamba, foni nayo yatsala pang'ono kuzima. Foni imeneyo ndiyo khutu langa. Oda ibwela pa meseji, mobile money ili momwemo, anzanga ogontha tikamba pa vidiyo. Ikazima ndazima.

Manje tiyeni ku mapepala, kaili boma limakonda mapepala. Mu February 2010, nthawi ya a Rupiah Banda, Zambia inavomeleza pangano la United Nations la maufulu a anthu olemala. M'panganomo dziko lilonjeza kuvomeleza ndi kukweza chinenelo cha manja, kulola kuti chigwile nchito m'maofesi a boma, ndi kupeleka omasulila ophunzila nchito yawo. Mu 2012, nthawi ya a Michael Sata, Parliament inapanga lamulo la Persons with Disabilities Act, nambala 6 ya chaka chimenecho. Lamulo labwino, sindinama. Liletsa tsankho. Liletsa kuitana munthu dzina lonyoza chifukwa cha kulemala kwake. Liuza apolisi kuti aganizile kulemala kwa munthu pomugwila ndi pomusunga. Pali ndi bungwe la boma, ZAPD, loyang'anila zonsezi. Zaka zoposa 10 zapita. Mnyamata wa wilibala uja lamulo ili silinamupeze pansi paja, ndipo silinali kumuyembekeza pa kaunta.

Mukumbuka 11 August 2016? Pamodzi ndi mavoti a pulezidenti anatipatsa pepala lina, la referendum ya Bill of Rights. Mmenemo munali mau akuti munthu wolemala ali ndi ufulu wogwilitsila nchito chinenelo cha manja. Zizindikilo pa pepala zinali ziwili: diso kutanthauza inde, khutu kutanthauza iyai. Ife ogontha tinaseka, ati iyi ndiye voti yathu, diso ndi lathu. Ambili amene anavota anachonga diso, koma sanafike theka la anthu onse oyenela kuvota mwamene lamulo lifunila, ndiye zonse zinagwa. A PF anaikulunga mu kampeni yawo ngati chitenge cha chipani, osaifotokoza mokwanila kwa anthu. A UPND anaikana, kaili inabwela ndi a PF. Mu August 2021 a UPND anakhala pa mpando, ndipo Bill of Rights ija sinabwelelenso kwa anthu. Constitution imene inasinthidwa mu 2016, pa nkhani ya zinenelo, icha Chingelezi ndi dzina. Cha manja mulibe.

Musati n'zosatheka kuno ku Africa. Uganda inaika chinenelo cha manja mu Constitution yake mu 1995. Ku Kenya, kuyambila 2010, ndi chimodzi mwa zinenelo zitatu za mu Parliament. Kutsidya kwa Chirundu apa, a Zimbabwe amene timawaseka za ndalama yawo, mu 2013 anachiika pakati pa zinenelo 16 zovomelezeka. South Africa mu July 2023 inachipanga chinenelo cha boma cha nambala 12. Sindikamba kuti ogontha a kumeneko adya nyama tsiku lililonse. Koma akapita ku khoti kukadandaula ali ndi pogwila. Ife tili ndi zitundu 7 pa wailesi ndi m'masukulu, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chitundu chimene Mlozi wogontha ndi Mngoni wogontha amvana nacho akakumana pa Intercity, chimenecho ndiye chilibe mpando.

Ndidziwa zimene ma praise singer azayankha. Azati, koma pa nyuzi ya ZNBC pali womasulila. Alipo, zoona, ndipo omasulila aja ndiwalemekeza. Ali mu kabokosi pakona, kakang'ono ngati bokosi ya machisa pa TV ya mu komboni, ndipo umuona ngati malaiti aliko. Koma olo akanakhala wamkulu ngati chitseko, ine sindidwalila pa TV. Sindimangidwa pa TV. Masitandi sagawila pa TV. Womasulila amene ndifuna ndi wa pa kiliniki, pa polisi, pa local court pamene mkazi wogontha alandidwa nyumba amuna atamwalila, pa miting'i ya msika. Pa 23 September, tsiku la zinenelo za manja, ndi pa 3 December, tsiku la olemala, amatikumbuka: T-shirt, kumacha, bwana awelenga pepala, womasulila ali pambali pake kuti kamela imuone. Pa 4 December womasulila uja ukamufuna ulipila wekha, thilansipoti ndi tsiku lake. Ndipo ayenela kulipidwa, ndi nchito, nayenso ali ndi ana. Funso ndi lakuti alipile ndani.

Ndiye azati ndalama kulibe. Ndalama kulibe? Ndi iwo eni amene amatiimbila CDF m'mawa ndi madzulo. Inali K1.6 million, mu 2022 inafika K25.7 million, mu 2025 inafika K36.1 million pa constituency imodzi. Welengani Chawama, Kabwata, Kanyama, Lusaka Central, Mandevu, Matero ndi Munali. Inu odziwa masamu a meda chulukitsani: ipitilila K250 million chaka chimodzi, mu Lusaka mokha. M'ndalama imeneyo muli ma bursary a maluso. Ana athu aphunzila kuwotchelela, kusoka, kuyendetsa mathilaki, ndi bwino. Nanga kuphunzitsa achinyamata awili atatu m'wadi iliyonse nchito yomasulila, kenaka kuwaika pa kiliniki yaikulu ndi pa polisi, kungathe zingati? Azati komiti sinalandile pempho lotelo. Ilandila bwanji pempho kwa anthu amene sadziwa kuti miting'i iliko, ndipo akafika samva chokambidwa? Amene munapitako ku miting'i ya Ward Development Committee, ndiuzeni ngati munaonako munthu woimilila kutsogolo akumasulila ndi manja. Maloni a ma marketeer nawonso chimodzimodzi. Ife timadziwa kuti kunali maloni pamene anzathu ayamba kubweza.

Wina wanzelu azati, si angolembelana pa pepala? Ine ndingalembe. Koma ana ogontha ambili, 9 mwa 10, amabadwila kwa makolo akumva amene sadziwa saini olo imodzi. Mwana afika zaka 7, 8 alibe chitundu chilichonse, wangokhala pakhomo kuyang'ana anthu. Sukulu ya ogontha ku Magwero pafupi ndi Chipata inayamba ndi amishoni mu 1955, dziko lisanalandile ufulu. Kuli St Joseph's ku Kalulushi, kuli chigawo cha ogontha ku Munali, ndi zina zowelengeka. Mwana amene sapeza malo aikidwa m'kalasi yodzala mpaka pakhomo, ndi mphunzitsi amene akamba atayang'ana bolodi. Akalephela mayeso a Chingelezi chimene sanachimvepo, timupatsa fomu ya masamba anayi ati lemba. Ndipo pamene ndili pa ana, makolo anzanga, lekani kuthamangila kwa ng'anga ndi kunamizila ambuye ake ufiti. A WHO akuti pa kugontha kwa ana, pafupifupi 6 mwa 10 kungapewedwe: chikuku, matenda oumitsa khosi, mavuto pobadwa, mafina a m'khutu osachilitsidwa. Mwana akatuluka mafina m'khutu, kiliniki, osati saladi.

Inu a m'misika, nkhani iyi muidziwa kupambana mwamene muganizila. Nduna ya zachuma ikawelenga bajeti maola awili m'Chingelezi chija cha ku yunivesite, inu mumva chani? Muyang'ana pakamwa ngati ine. Mugwedeza mutu ngati ine. Mudziwa zimene anagwilizana pamene mtengo wa thumba wasintha, mwamene ine ndinadziwila za chilimba. Akubweletselani pepala ati sainani apa, tizakuuzani. Kusiyana kwake n'kwakuti inu mukakomboka mubwelela ku nyumba kumene onse akamba chitundu chanu. Ambili a ife olo pa mbale ya nsima ya banja lathu tili alendo.

Ndiye zimene sizifuna Parliament tiyambe Mande. Mukafuna kundikambitsa, bwelani kutsogolo kapena gwilani paphewa. Musaponye kamwala, sindine mbuzi. Yang'anani ine, osati mwana wanga. Mu gulupu ya WhatsApp ya msika lekani ma voice note pa nkhani za ndalama, malilo ndi miting'i. Lembani, olo mizele iwili. Ba Chairlady, zimene mwagwilizana zilembedwe pa bolodi pa geti, zizathandiza ndi akumva amene anali ku maoda. Liu lija lakuti chibulu lisiyeni. Tili ndi maina, ndipo aliyense wa ife alinso ndi dzina la saini limene anzake anamupatsa. Munthu akapanda kuimilila mukamuitana, thamangani mumuone kumaso musananyamule thabwa. Ndipo phunzilani masaini khumi chabe: moni, zikomo, zingati, mawa, malilo, miting'i, moto, thawa, kudwala, pepani. Amai amene agulitsa tomato pafupi ndi ine anawaphunzila m'masabata awili, anaonjeza ena, ndipo manje amandiuza miseche ya msika wonse ali kutsidya kwa laini popanda wina kumva. Akuti akanadziwa akanayamba kale.

Manje kwa ife eni. Ba Chairman, Ba Secretary, atsogoleli onse a chipani chathu, ndikamba mwaulemu koma sindibweza. Pa msonkhano uja panali tenti, panali zokuzila mau zazikulu ngati filiji, panali jeneleta ndi mafuta ake. Womasulila panalibe. Mavidiyo amene timaika pa peji ino alibe mau olembedwa pansi, ndipo ine membala ndimaona atsogoleli anga atsegula pakamwa ngati nsomba m'madzi. Sitingatonze boma pa chinthu chimene ife tilephela pansi pa tenti imodzi. Ndipempha kuti manifesto yathu ikambe poyela: chinenelo cha manja cha Zambia chilowe mu Constitution, omasulila alembedwe nchito ndi boma ngati manesi ndi aphunzitsi m'malo modalila machalichi ndi ma NGO, nambala ya ngozi ilandile meseji, ndipo mu komiti ya msika uliwonse umene muli ogontha mukhale mmodzi wa iwo. Musatilembele muli mu ofesi. Kuli Zambia National Association of the Deaf, kuli ogontha ophunzila amene adziwa izi kupambana ine wa nyemba. Aitaneni, ndipo mulipile womasulila wa tsiku limenelo.

Mnyamata wokamba uja ndinamupeza msonkhano utatha. Ndinamulembela pa foni mwachidule zimene ndalemba apa. Anawelenga, anagwila pakamwa, analemba ati pepani amai, sininaganizepo. Ndamukhululukila, ndi mwana. Ndinamuphunzitsa saini ya boma ndi saini ya bodza, anazigwila msanga.

Msonkhano wotsatila wa wadi uli pa Chiwelu. Ife ogontha asanu a pa msika wathu tasonkha, tapeza womasulila, tizakhala pa benchi ya kutsogolo kumene kuli kuwala. Lisiti tizaipeleka kwa Ba Treasurer pamaso pa onse. Mnyamata wa wilibala akuti azabwela nayenso, ali ndi funso lofunsa amene afuna ukansala. Amene munamuponda dzanja, bwelani mumuone akamba nalo.